Nkhope ya Ba Dixon pa Bokosi la Mnzao

Kanani ngati mufuna, koma ku Chawama aliko amene anaona ndi maso.

Panali munthu wina wojambula vithunzi, dzina lake Chabwera. Atagula kamera ya dijito, mlamu wake Kafula wa pa intaneti kafe anamuchenjeza.

"Mulamu, mafayelo akulu aja a RAW musamafafaniza. Ni negetivu yanu. Chithunzi chikada, ni mwamene tichotsa nkhope."

"Vidya malo ivo," anatero Chabwera. "Kasitoma afuna kapepala chabe."

Akajambula, ankasandutsa vonse kukhala tuma JPEG tung'ono, va RAW n'kufafaniza.

Pa ukwati wa mtsikana wina, Elesi, anajambula atate a mkwatibwi, ba Dingani, madala amene anakana kamera moyo wao wonse. Tsiku limenelo anavomera kamodzi. Malaiti anali atapita, mu holo muli mdima.

Chaka chisanathe ba Dingani anamwalira. Elesi anabwera maso ali otupa.

"Ba Chabwera, tikulitsireni chija cha atate, tiike pa bokosi. Tilibe china."

Pochikulitsa, nkhope inangokhala timabokosi takuda. Chabwera anathamangira kwa Kafula.

"Ya RAW ili kuti?"

"Ninafafaniza," anatero Chabwera.

"Ndiye palibe vamene ningachite, mulamu."

M'malo mokauza Elesi, Chabwera anafufuza mu kompyuta n'kupeza madala ena a imvi, jekete yofanana. Anapulinta, anaika mu felemu, anapatsa abale a mwamuna wa Elesi amene sankawadziwa bwino malemu.

Ku tchalitchi anthu anafola kuona nkhope. Ba Dixon a ku komboni ya Kuku, mnzao wa malemu, atafika pa bokosi anaima.

"Nanga ine nafa liti?"

Nyimbo inaduka. Ba Dixon anagwa pansi, thapsa. Elesi anadzutsa mutu, anayang'ana felemu ija nthawi yaitali, n'kuitembenuza chafufumimba. Ba Dingani anapita ku manda opanda chithunzi.

Phunziro: Chamene chikudyerani malo lero ndicho mudzachifuna pa maliro. Sungani va RAW, ndipo mukalakwa nenani msanga. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi kamera.

Va kugwa kwa ba Dixon ndawonjezera ine, anangokhala pa benchi n'kupempha madzi. Koma ana a Elesi akafunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, mpaka lero amawaonetsa timabokosi takuda tija.