Limba la Apongozi M'dambo

"Iwe Wattie, dambo limenelo linameza akavalo a mfumu, ndiye liope thirakitala yakoyo?" anatero agogo a mkazi wake, Isa. "Ndiponso anthu agona pachilizapo anafa pankhondo pokana kupemphera motsatira mfumu, ndipo masalimo ankaimba ndi pakamwa pokha. Limba akalitani?"

"Agogo, inu mumaopa ngakhale nkhosa ikatsokomola," anayankha Wattie, akumangirira m'ngolo limba la apongozi ake.

Linali Lamulungu la mapemphero a pachaka kumandako. Mpingo unadzera kanjira ka nkhosa, wapansi, monga mwa nthawi zonse. Wattie anadulira pa udzu wobiriwira bwino. Komatu pobiriwira kwambiri m'pamene pali poopsa, ndi mwana yemwe amadziwa.

Anayamba kulowa m'matope ndi matayala a thirakitala, kenako ngolo.

Wattie anafika pachiliza salimo lili mkati, matope mpaka m'chiuno, nsapato imodzi palibe.

"Limba langa lili kuti, bambo?" ananong'ona apongozi ake.

"Likubwera, mayi."

Agogo anasuzumira kudambo kuja.

"Ine ndikuona ngati likupita," anatero, n'kupitiriza salimo ndi pakamwa pokha.