Manja a Millicent

"Amake Dalitso, musamupatse mwanayo," apongozi anga anatero ataima pakhomo. "Wanena yekha kuti kusukulu kwawoko amang'amba mitembo."

Mng'ono wanga Millicent anali atatambasula kale manja. Atatsika basi ya ku Lusaka m'mawa womwewo, anabwera kuno ku Kapata kudzaona khanda langa. Chomwe analakwa n'kundifotokozera mokweza mmene mtima wa munthu umalemerera ukaunyamula m'dzanja.

"Timavala magolovesi, amayi," iye anatero. "Ndi maphunziro chabe. Dokotala angachize bwanji chiwindi chimene sanachionepo?"

"Amene agwira maliro amasamba mankhwala asanakhudze khanda. Iwe unasamba chiyani?"

Ine ndinali pakati pawo, Dalitso akulira paphewa panga chiyambire dzulo. Msana unkandiwawa, matewera ali m'beseni osachapa. Sukulu ndinalekera giredi 9, ndiye za mitsempha sindizidziwa. Za mankhwala osambawo sindizidziwanso. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti chibadwire mwanayu, palibe wina pakhomo pano amene anapemphapo kumunyamula.

"Akadwala, musadzandiitane," apongozi anatero.

Ndinamuika Dalitso m'manja mwa Millicent. Anamuchirikiza mutu bwinobwino. Apongozi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mwanayo sanasiye kulira.

"Asisi, ndimubweze?" Millicent ananong'ona.

"Mugwire basi. Ukamubweza, ine ndigwa naye."

Ndinakhala pansi pakhonde, n'kutsamira khoma, manja anga ali lende.