Wophunzira wa Magalasi Akuda

Kalata ya ku ofesi yoona za ophunzira aulumali inafika Lolemba m'mawa, Aphunzitsi ali mkati momanga tayi pamwamba pa kabudula wogonera. Kamera imangoonetsa kuyambira pachifuwa kupita kumutu, ndiye buluku analiona ngati chovala cha anthu opanda nzeru.

Kalatayo inati mwa ophunzira makumi atatu a kalasi yawo ya zanyengo, amene ankaphunzira pa intaneti aliyense ali kwawo, mmodzi ndi wosaona. Dzina sanalitchule poti mwiniwake sanafune. Anangopempha kuti chilichonse choonetsa pakompyuta azichifotokozanso pakamwa. Kumapeto kwake kunali mawu amene anawathamangitsa magazi: yunivesite ikweza udindo mphunzitsi amene asamale ophunzira onse mosasankha. Iwo anali atakhala pa udindo umodzi zaka khumi ndi ziwiri, mpaka mpando unkawadziwa.

Atatsegula kalasi, nkhope zinandandalikana m'timabokosi. Sanavutike n'kufufuza komwe. Pakona yakumanzere panali bambo wina wa magalasi akuda bii, atakhala njo, osatembenuka ngakhale pang'ono.

"Ndamupeza," anatero chamumtima.

Kuyambira tsikulo ankafotokoza zonse. "Apa pali mzere wofiira wosonyeza mvula. Ukukwera pang'onopang'ono ngati nkhalamba pa masitepe, kenako mwezi wachisanu wagwa chagada." Akatero ankasendera kufupi ndi kamera n'kufunsa ndi mawu ofewa, "Achimwene a pakona, tili limodzi?" Bambo uja ankangoti phee. Nthawi zina mutu wake unkagwa pang'ono kutsogolo, Aphunzitsi n'kukhutira kuti wavomera.

Chifundo chinakula mpaka kusefukira. Anayamba kufotokoza ndi zosafunika zomwe: mtundu wa tayi, kalendala ya pakhoma, mphaka akadumphira patebulo. Tsiku lina akazi awo analowa m'chipindamo kudzatenga ayironi.

"Tsopano kumbuyo kwangaku kukudutsa mayi akunyumba," analengeza Aphunzitsi. "Avala diresi yamaluwa. Nkhope yawo sikuoneka yosangalala."

"Muwafotokozerenso zimene mwavala kumunsiko," anatero mayiwo potuluka.

Munga m'kalasimo unali umodzi wokha: mayi wina wa mawu akuthwa amene Aphunzitsi anamupatsa dzina loti Mafunso. Phunziro silinkatha asanakweze dzanja kanayi.

"Aphunzitsi, lero mwati mvula ya chaka chatha inali mamilimita mazana asanu ndi atatu, koma dzana munati mazana asanu ndi awiri. Tigwire ziti?"

Choipa kwambiri chinali chakuti nthawi zonse ankakhala akunena zoona.

"Chemwali," anatero Aphunzitsi tsiku lina zitawafika pakhosi, "inu Mulungu anakupatsani maso awiri. Yang'anani nokha pachithunzipo. Nthawiyi tisiyireko anzathu ovutika."

Mafunso anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Chabwino aphunzitsi, ndiyang'ana."

Sabata yotsatira anafunsa kasanu ndi kamodzi.

Mayeso analembedwa, aliyense ndi nambala yake m'malo mwa dzina, ndipo Aphunzitsi anachonga osadziwa kuti pepala ili n'la ndani. Kenako linafika tsiku lokambirana pakompyuta ndi mayi wa ku ofesi ija. Tsiku limenelo anavala ndi buluku lomwe. Anafotokoza kwa mphindi makumi awiri momwe anamunyamulira wophunzira wawo ngati dzira, ndi momwe ankamutetezera kwa ena olongolola ofuna kudya okha nthawi ya kalasi.

"Ndithu mwagwira ntchito," anatero mayi wa ku ofesi. "Wophunzirayo walemba kalata yoyamikira. Akuti aka n'koyamba kupeza mphunzitsi wofotokoza chilichonse, mpaka mphaka. Ndipo wakhoza kuposa onse."

Mtima wa Aphunzitsi unavina. "Ndinadziwa ine! Madzi odikha ndiwo akuya. Munthu wofatsa uja, teremu yonse osatulutsa mawu ngakhale amodzi..."

"Wofatsa?" Mayi uja anayang'ananso papepala. "Apa akuti dandaulo lake n'limodzi: munkamukalipira sabata iliyonse chifukwa cha mafunso, mpaka tsiku lina munamuuza kuti ayang'ane yekha pachithunzi."

Aphunzitsi anamasulako tayi pang'ono.

"Nanga... nanga bambo wa magalasi akuda uja?"

"Ameneyo amaona bwinobwino. Ndi mlonda, amalowa m'kalasi mwanu akungoweruka kumene. Nayenso walemba kalata. Akupempha kubwereza kalasi yanu, akuti chibadwire sanagonepo tulo tokoma chonchi."