Galu amene anafa ndi dzina la mnzake

Panali bambo wina kwathu kuno m'tauni ya Imus, dzina ndingoti Efren. Werengani msanga, ndipo chonde musanene kuti mwamva kwa ine, nyumba zathu kuno ndi zogundana makoma.

Efren amakonza mafoni pamsika. Iye, mkazi wake Nelia ndi kamwana kawo Jenjen anali ndi agalu awiri aang'ono aubweya woyera, Biko ndi Suman, obadwa mimba imodzi. Anawasiyira ndi Cora, mlongo wake wamkulu wa Efren amene iye amamuitana kuti Ate, popita kukagwira ntchito ku Dubai. Cora anawalowetsa onse pa inshuwalansi, kuti akadwala kampani izilipira kuchipatala cha ziweto. Ntchito yolipira mwezi ndi mwezi inatsalira Efren.

Ndiye mtengo unakwera. Chaka chinacho unakweranso, ati agaluwo akukalamba.

"Akukalamba?" anatero Efren. "Nanga ine ndikubwerera ku ubwana? Dzino likundiwawa chaka chonse, palibe kampani yondilipirira. Galu ndiye bwana m'nyumba muno eti?"

Nelia anati, "Pa, ngati zatikanika tiwachotse onse, tizisunga tokha pang'onopang'ono."

"Iwe Ma, tawayang'ana bwino. Kampani ija inangotenga zithunzi. Agalu awiri, nkhope imodzi. Tizilipirira Biko yekha. Amene adwaleyo, ameneyo ndi Biko basi."

Nelia anauza Cora, Cora anaimba foni.

"Efren, mutu wakowo unagwera m'madzi ngati mafoni ako? Usayerekeze!"

"Ate, inu tumizani ndalama, mapeso amenewo, ulaliki tili nawo kale kutchalitchi." Efren anadula foni.

Suman anamuchotsa pa inshuwalansi.

Nyengo ya mvula Suman anasiya kudya. Kusanza, mimba kutupa. Jenjen amagona naye galu ameneyu, ndiye anangokhala pansi kumusisita, sukulu osapita.

Dokotala wawo wakale amawadziwa agalu onse awiri, ndiye Efren anati kumeneko ayi. Anakwera njinga yamoto ya matayala atatu, ulendo wa kuchipatala china chakutali. Msewu wonse akuphunzitsa mwana.

"Jenjen, galu uyu ndi ndani?"

"Suman."

"Ayi! Lero ndi Biko. Ndi ndani?"

"Papa, mwaiwala? Biko watsala kunyumba!"

Atafika Efren anati, "Ma, khala panja ndi mwanayu, atiyalutsa."

Nelia anamugwira malaya, nanong'ona. "Pa, muwauze. Suman ali wamng'ono anatupa nkhope yonse atamubaya jakisoni wa mabala uja. Anatsala pang'ono kufa. Muwauze."

"Ndikanena afunsa kwa dokotala wakale uja, zonse ziululika. Ndi zakale zimenezo, pano wakula."

Analowa yekha.

Dokotala, mayi wachitsikana ndithu, anapima galu nafunsa, "Bambo, Biko anayamba wadanapo ndi mankhwala ena alionse?"

"Biko? Ayi Dok. Biko sanayambepo."

Anamubaya.

Nelia ali panja anangomva mapazi akuthamanga m'kati. Anamunyamula Jenjen, kukankha chitseko. Galu ali patebulo, nkhope yatupa, akupuma movutikira, lilime lada.

"Mayo! Mwamubaya jakisoni uti? Uyu amatupa nawo!"

Dokotala manja ali pagalu anakuwa, "Mayi, bambowa andiuza kuti sanayambepo! Anali mankhwala anji? Galu uyu ndi ndani?"

Nelia anayang'ana mwamuna wake. Efren anapukusa mutu pang'ono.

"Ndi Biko," anatero Efren.

Achipatala anayesetsa, anthu inu, anayesetsa. Galu sanadzuke. Dokotala anawayang'ana onse awiri, kenako anakalemba kuti Biko wafa.

Kampani inalipira zonse, inapepesa, n'kutseka inshuwalansiyo, poti galu wolembetsedwayo wafa. Suman anamukwirira kuseri kwa nyumba. Cora ku Dubai mpaka lero sakuyankha foni ya Efren.

Tsono Biko weniweni ali moyo, ali m'nyumbamo, ndipo wayamba kutsokomola. Efren akuopa kupita naye kwa dokotala wakale, akuti afunsa za mnzake. Kwa watsopano uja ndiye sangayerekeze. Akuti akalembetse galuyo ngati Suman, koma mtengo wa galu wokalamba wodwala kale ndi wothawitsa. Nelia akamva njinga yaima pageti amasuzumira pazenera, akuganiza kuti ndi a kampani, kapena apolisi. Wachepa thupi mayi uja. Ine ndemwe ndikamuona Jenjen ndimagwira mwana wanga mwamphamvu, chifukwa pa nkhani yonseyi amene akundimvetsa chisoni ndi mwana.

Juzi galuyo anapulumukira pamsewu. Jenjen anathamangira pageti akukuwa, "Biko! Biko, bwera!"

Efren anatuluka liwiro, kumutseka pakamwa. "Shh! Usamatchule dzina limenelo panja!"

Mwana anachotsa dzanja la bambo ake.

"Papa, Suman munati ndi Biko, anafa. Biko mukuti si Biko. Nanga ine mukadzapita nane kuchipatala mudzati ndine ndani?"

Efren anangokhala pansi pageti pomwepo.

Phunziro: Inshuwalansi ya chiweto ikakwera mtengo, khalani pansi muone ngati mungakwanitse. Ngati simungathe, isiyeni poyera muzisunga nokha, koma osanama dzina, ndipo dokotala osamubisira kanthu, chifukwa amabaya molingana ndi zimene mwamuuza. Ana akuona zonse. Tumizirani aliyense amene ali ndi galu kapena mphaka, lero lomwe, wina asanaganize nzeru ngati za Efren.