Ndime Yachitatu

"Mtsikana uja akuimba nyimbo yanu, bwana," anatero woimba ng'oma atasuzumira pakatani.

Woimba wamkuluyo anasiya kumanga nsambo za gitala. Mtsikana wotsegulira konsatiyo anapatsidwa mphindi makumi awiri ndi nyimbo zinayi. Iyi inali yachisanu, ndipo inali nyimbo imene inatchukitsa bwanayo.

"Musiyeni, akungondikonzera njira," anatero akuseka.

Anthu amaidziwa nyimboyo ndi ndime ziwiri. Mtsikanayo atamaliza yachiwiri sanaime. Analowa ndime yachitatu, ndipo holo yonse inangoti zii.

"Imeneyitu sindinaimvepo, bwana. Munaipeka liti?"

Bwanayo anaika gitalayo pansi. Ndimeyo inali m'kope la mkulu wake, amene anapeka nyimbo yonseyo. Mkuluyo anamwalira zaka 22 zapitazo, nasiya mkazi ali woyembekezera. Mkaziyo ankaidziwa nyimbo yonseyo pamtima. Tsiku la maliro, mng'onoyo anang'amba masamba awiri a ndime zoyambazo m'kopemo, otsalawo n'kuwotcha.

Mtsikanayo anatembenukira kukatani, nalankhula modekha pa maikolofoni.

"Bambo aang'ono, tabwerani muwauze anthuwa amene anapeka nyimboyi."

Anthu anaimirira ndi chimwemwe n'kuyamba kuwomba m'manja, kumuitana bwanayo.