Kawaya Kofiira M'ng'anjo

"Wagwira apa ndani?" anafunsa Lorne, mmisiri wa ng'anjo za gasi zotenthetsera nyumba, akuunika ndi tochi.

Mayi Halvorsen anali atamuitanira fani imene inkasokosa. Koma iye anapeza kawaya kofiira katalumikizidwa molambalala swichi imene imazimitsa moto ng'anjo ikatentha mopyola muyeso.

"Amuna anga," mayiwo anayankha monyadira. "Inkangozima yokha, ife n'kumanjenjemera ndi chisanu cha ku Duluth kuno. Chiikireni kawayako sinazimepo."

"Inkazima kuti ikupulumutseni, mayi."

Lorne anaunikanso m'kati. Chitsulo chotchinga utsi kuti usalowe m'nyumba chinali chitang'ambika ndi kutentha, mwaye uli bii. Anatseka gasi msanga. Mutu unali utayamba kale kumuwawa ndi mpweya wakupha wosanunkha, womwe umayamba wagonetsa munthu tulo.

"Nanga kabelu kochenjeza za mpweya wakupha?"

"Kankalira zosatha. Tinachotsa mabatire."

"Ana ali kuti?"

"Kuchipinda cham'mwamba." Mayiwo anayasamula. "Kale ankavuta kugona, koma onani lero, dzuwa lafika pamutu sanadzuke n'komwe."

Lorne anataya tochi n'kuthamangira ku masitepe.

"Pondani pang'onopang'ono, bambo," mayiwo anatero kumbuyo kwake. "Mungawadzutse."