Kabokosi ka Paskale

Paskale sagwira chinthu osachiyeza ndi chala chachikulu. Sopo, foni, ngakhale nsomba ya pamsika. Ku loji ya ku Chinzombo, kumene amakonza magetsi, anzake anatopa nako kumuseka.

Mwezi wonse wa Okutobala chalacho chinali pa kabokosi kamodzi. Ankafuna kakwane pa kanjanji kachitsulo ka m'bokosi la magetsi a sola kunyumba, pambali pa mabuleka ozimitsira magetsi, ndipo malo otsala anali a zala ziwiri basi. Koyamba kananenepa. Kachiwiri kanakwana, koma kanatentha mpaka pulasitiki inapindika. Kachitatu anakaboola timabowo ta mpweya, nyerere n'kulowamo kukamanga mudzi. Kotsiriza anatseka timabowoto ndi chidutswa cha neti ya udzudzu, n'kukakankhira pa njanji. Kanagwira kuti gwa.

"Kazichita chiyani kameneka?" anafunsa mkazi wake, Felister.

"Muli kaubongo umu. Kaziyatsa pampu, kazithirira dimba, kazitsekera nkhuku. Njovu zikayandikira, kaziliza sairini. Zinthu ziziyenda ngakhale munthu palibe."

Mawuwo Felister anakawatula kwa mkulu wake, Esnati.

"Munthu palibe?" Esnati analeka kusenda mtedza. "Mng'ono wanga, alamu angawa ndi mkamwini. Nyumba ili pamudzi pathu, dimba ndi la amayi. Chawo pano n'chiyani, njinga? Mkamwini akayamba kukusiyira zinthu zoyenda zokha, ndiye kutsanzikako."

Felister anayamba kutsegula maso. Foni ikalira, Paskale ankakayankhira kuseri kwa khola. Tsiku lina anamumva akufunsa kuti galimoto inyamuka liti. Pamwamba pa kabati panabwera chikwama chakuda, chatsopano. Ndipo mwamunayo, wopanda manyazi, ankangoimba mluzu.

Felister sanalire. Anaganiza kuti ngati n'kupita, amulongedzera yekha, chikwamacho n'kuchiika pakhonde, mudzi wonse uone kuti sanasiyidwe, wachita kuthamangitsa.

Loweruka m'mawa, Paskale ali kudimba kuyesa mapaipi, Felister anasonkhanitsa malaya ake onse pabedi. Anakoka chikwama chija. Chinali cholemera.

Paskale analowa, matope mpaka m'mawondo.

"Kani mwalongedza kale, a Paskale?"

"Wakuuza ndani?"

"Ndili ndi maso. Galimoto yanuyo inyamuka liti?"

"Lolemba."

"Osadikira Lolemba. Njinga yanu ili ndi mpweya."

Felister anatsegula zipi kuti aponyemo malayawo. Pamwamba panali nsapato za jombo zatsopano, zazing'ono, zoti Paskale sangalowetsemo ngakhale theka la phazi. Pansi pake panali zovala za Felister, zopindidwa mwachimuna.

"Ine ndipite kuti?" anatero Paskale. "Kumaphunziro a usikauti woteteza nyama zakutchire akutenganso akazi. Chaka chatha anakuitana, iwe unati dimba ndi nkhuku zitsala ndi ndani. Zatsala ndi kabokosi."

Felister anayesa jombo imodzi. Inakwana. Anatulutsa diresi la kutchalitchi limene mwamunayo anaikamo, n'kuikamo sopo ndi mafuta odzola, n'kutseka zipi.

"Lolemba nthawi yanji?"